Kuwedza walleye pansi pa ayezi tsiku limene nsomba zikukana nyambo

Ku Minnesota, Wisconsin ndi North Dakota m'dziko la America, komanso ku Manitoba ndi Ontario m'dziko la Canada, nyanja zimaundana kuyambira cha mu Disembala mpaka mu Malichi, ndipo asodzi amaboola madzi oundanawo, kapena kuti ayezi, n'kumawedza atakhala pamwamba pa nyanja. Nsomba imene ambiri amaisaka ndi walleye, imene anthu a ku Canada amakonda kuitchula kuti pickerel. Masabata oyambirira ayezi atangogwira, nsombayi imadya mosavuta. Pofika kumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale zinthu zimasintha, moti munthu atha kukhala pabowo maola anayi chingwe chili zii.

Chifukwa chake chili m'madzi momwemo. Pansi penipeni pa ayezi madzi amakhala pafupifupi pa madigiri 0, ndipo pansi pa nyanja sapitirira madigiri 4. Thupi la nsomba limatengera kuzizira kwa madzi, choncho chakudya chimachedwa kugayika ndipo njala siibwera kawirikawiri. Chipale chofewa chikaunjikana pamwamba pa ayezi kuwala sikulowa, zomera za m'madzi zimafa, ndipo m'nyanja zing'onozing'ono zosazama mpweya wa okosijeni umachepa. Onjezanipo phokoso la magalimoto ndi makina oboolera limene lakhala likumveka pamalo amodzimodzi kwa masabata asanu ndi limodzi. Tsiku loipitsitsa ndi lotsatira chimphepo chozizira, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala koma kukuzizira koopsa. Walleye imakhalapo ndithu, kungoti siifuna kuthamangitsa kanthu.

Yambani ndi ayezi

Yezani musanayende. Dipatimenti yoona zachilengedwe ku Minnesota, imene anthu amangoiti DNR, imati ayezi watsopano woonekera ngati galasi akhale wochindikala mainchesi 4, omwe ndi masentimita 10, kuti munthu ayendepo wapansi. Snowmobile, njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa, imafuna mainchesi 5 mpaka 7, galimoto yaing'ono mainchesi 9 mpaka 10. Ayezi wooneka woyera ngati mkaka, wosakanikirana ndi chipale chofewa, ali ndi theka chabe la mphamvu zimenezi, ndiye muziwirikiza kawiri manambalawo. Tengani chitsulo chachitali chogogodera ayezi patsogolo panu, ndipo mukolowekere m'khosi timisomali tiwiri ta zigwiriro todzikokera nato mukagwera m'madzi. Pamene mtsinje ukulowa kapena kutuluka m'nyanja, ndiponso pamene ayezi wang'ambika n'kukwerana, ndi pamalo poyenera kupalambalala, ngakhale kuti walleye imakonda malo oterowo.

Dziwani kaye vuto lanu

Pali mavuto awiri osiyana amene asodzi amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti pansi pa bowo lanu palibe nsomba. Lachiwiri ndi lakuti nsomba zilipo koma zikukana. Mankhwala a vuto loyamba ndi kusamuka, a lachiwiri ndi kusintha nyambo ndi kagwedezedwe kake. Munthu wosadziwa kuti ali ndi vuto liti amatha tsiku lonse akusinthasintha nyambo pamalo opanda nsomba, kapena amachoka pamalo pomwe nsomba zinali zitadzaza.

Chokuuzani ndi makina oonera pansi pa madzi otchedwa flasher, monga a Vexilar, MarCum kapena Humminbird. Mumalowetsa kachipangizo kake m'bowo, kalendewere mowongoka pansi pang'ono pa ayezi, ndipo makinawo amaonetsa pansi pa nyanja ngati mzere wochindikala wofiira, nyambo yanu ngati kamzere kowonda, nsomba ngati mzere wina umene umatulukira n'kumayenda. Pa Vexilar mzere wobiriwira ndi nsomba imene ili m'mphepete, wofiira ndi nsomba imene yafika pansi penipeni pa bowo. Tsitsani mphamvu ya makinawo mpaka nyambo yanu izioneka ngati kamzere kowonda basi. Mukaikweza kwambiri sikirini imadzaza zinyalala ndipo nsomba yogona pansi simungaisiyanitse ndi thope. Kumbukiraninso kuti makinawa amaona malo ochepa: kachipangizo ka madigiri 20 kamaona bwalo lotambalala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, ndiye pa mamita 9 mukuona bwalo la mamita atatu okha.

Walleye yaulesi imakakamira pansi, moti nthawi zambiri sioneka ngati mzere paokha. Chimene mudzaone ndi chakuti mzere wa pansi wachindikala pang'ono kapena ukuphethiraphethira. Imeneyo ndi nsomba. Ngati kwa mphindi 15 mpaka 20 simunaone chilichonse chotere, pitani pabowo lina.

Boolani mabowo onse nthawi isanakwane

Pezani mapu oonetsa kuya kwa nyanjayo ndipo musankhe malo amodzi amene pansi pake pamasintha: nsonga ya mtunda yolowa m'nyanja, chulu cha miyala chapansi pa madzi, kapena malire a miyala ndi thope. Boolani mabowo 10 mpaka 15 a mainchesi 8, otalikirana mapazi 10 mpaka 15 oyenda, kuyambira pamwamba pa chulucho, kutsetsereka m'mbali mwake, mpaka pansi pamene pathera miyala n'kuyamba thope. Pa nyanja zambiri za kumeneko zimenezi zikutanthauza kuyambira mamita 4 kukafika mamita 8 kapena 9. Yezani kuya kwa bowo lililonse n'kulemba nambalayo pa chipale chofewa pambali pake.

Malizani kuboola kudakali ola limodzi ndi theka dzuwa lisanalowe. Makina oboolera amamveka patali pansi pa madzi, ndipo kuboola nthawi imene nsomba zikukwera kudzadya ndiko kuzibalalitsa. Pa madzi osapitirira mamita 4, ngakhale kukoka sileji, kangolo kotsetsereka konyamulira katundu, kapena kugwetsa ndowa pa ayezi kumathawitsa nsomba.

Pakati pa nyengo yozizira musanyoze thope. Nsomba zambiri zimachoka pa miyala yotchuka n'kupita pa zigwa zathope, kumene kumakhala mphutsi za tizilombo touluka ndi tinyongolotsi tofiira, komanso tiana ta nsomba yotchedwa perch timene timadya zimenezo. Ngati pa chulu pali timanyumba 30 ta asodzi, pitani mamita 100 kapena 200 kumbali kumene kulibe munthu.

Nthawi

Diso la walleye lili ndi kachigawo kobweza kuwala kumbuyo kwake, n'chifukwa chake limanyezimira mukaliunika ndi tochi, ndipo nsombayi imaona bwino kukamachita mdima kuposa tinsomba timene imadya. Pa nyanja za madzi oyera monga Mille Lacs, kudya kwenikweni kumachitika m'bandakucha ndi chisisira. Tsiku lovuta, nthawi imeneyi itha kukhala mphindi 20 kapena 30 zokha. Khalani mutakhazikika pabowo lanu labwino, nyambo ili kale m'madzi, zingwe zonse zomanga kale. Masana nsomba zimakhala m'munsi mwa chulu, kukamada zimakwera, ndiye inunso muziyenda nazo kuchokera ku mabowo akuya kupita ku osaya.

Nyanja za madzi oderako ndi zina. Ku Lake of the Woods madzi amaoneka ngati tiyi, ndipo walleye ndi mbale wake sauger zimadya masana, usiku n'kungoti zii. Ku Lake Winnipeg nakonso masana amagwira. Choncho funsani ku sitolo yogulitsa nyambo ya pafupi ndi nyanjayo musanasankhe ola lodzuka.

Ndodo yoyamba: yoitanira nsomba

Ku Minnesota ndi m'madera ambiri a Ontario msodzi amaloledwa zingwe ziwiri pa ayezi, ku Wisconsin zitatu. Zigwiritseni ntchito zonse, ndipo chilichonse chikhale ndi ntchito yake. Ndodo ya m'manja ikhale ya mainchesi 28 mpaka 32, yolimba pang'ono koma yofewa kunsonga. Mangani kachitsulo konyezimira kooneka ngati supuni, kolemera magalamu 3.5 mpaka 7, kamene pa paketi amalemba 1/8 kapena 1/4 oz. Buck-Shot ya Northland ili ndi timikanda tolira m'kati, Swedish Pimple ilibe. Pa dzino limodzi la mbedza yake ya mano atatu kolowekani mutu wa kansomba ka nyambo.

Mutuwo ndi nkhani. Tinsomba timene amagulitsa kumeneko, fathead ndi shiner, ndi ta msinkhu wa matemba kapena usipa. Dulani ndi zikhadabo kumbuyo pang'ono kwa mutu, kuti timatumbo tizilendewera ndi kutulutsa fungo, ndipo mbedza ilowe pansi pa chibwano n'kutulukira pamwamba pa mutu pamene pali polimba. Kansomba kathunthu pa supuni kamalemetsa, supuniyo siivinanso bwino, ndipo nsomba yaulesi imangogwira mchira n'kusiya mbedza. Sinthani mutuwo mphindi 15 zilizonse. Ukayera mbuu ndiye kuti fungo latha.

Kagwedezedwe kake ndi aka. Tsitsani supuni mpaka pansi, igunde pansipo katatu kapena kanayi kuti kafumbi ka thope kadzuke. Ikwezeni masentimita 30 mpaka 60 kuchokera pansi. Kokani ndodo m'mwamba masentimita 30, mulole supuniyo igwe yokha chingwe chili lende, kenaka imani masekondi 5 mpaka 10. Bwerezani. Kumeneku n'kuitana chabe, ndipo mumachita pamene sikirini ili yopanda nsomba.

Mzere wa nsomba ukangotulukira, lekani kukoka kwakukuluko. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Ena amapitiriza kudumphitsa nyambo mwamphamvu ndipo nsomba imathawa. Ena amaimitsa nyambo kuti njo, nsomba imaiyang'anitsitsa, n'kuzindikira kuti ndi chitsulo. Choyenera ndi kunjenjemeretsa nsonga ya ndodo pang'onong'ono, ngati dzanja la munthu amene wazizidwa, kuti mbedza ndi mutu uja zizigwedera koma supuni isachoke pamalo. Mzere wa nsomba ukayandikira, kwezani nyambo pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, mukunjenjemeretsabe. Walleye imadya moyang'ana m'mwamba, ndipo chinthu chimene chikuoneka ngati chikuthawa chimaikakamiza kusankha. Nsomba imene yatsatira nyambo mpaka mita imodzi kuchokera pansi nthawi zambiri imadya. Ikafika pamene yasiya kutsatira, imani pomwepo masekondi angapo osakwezanso.

Ikabwerera pansi, musaigwetsere nyambo pamphuno. Kansomba kenikeni sikathamangira nsomba yofuna kukadya, ndipo walleye imadziwa zimenezo. Dikirani mzerewo uzimirire, gundaninso pansi, muyambirenso. Nsomba yomweyo itha kubwera katatu isanadye.

Nsomba zitatu zikakana, sinthani chinthu chimodzi

Chinthu chimodzi, osati zitatu nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza. Yambani ndi kagwedezedwe: chepetsani, talikitsani kuima mpaka masekondi 20 kapena 30. Zikakanabe, chotsani supuni yolira muike yosalira, chifukwa phokoso limene limaitana nsomba patali limathanso kuiopseza ikafika pafupi. Kenako chepetsani kukula, kuchoka pa magalamu 7 kupita pa 3.5, ngakhale pa 1.8. Mtundu ndiwo womalizira. M'madzi oyera yesani wasiliva, wagolide kapena wofanana ndi perch. M'madzi oderako komanso chisisira yesani wagolide, wapinki kapena utoto wowala mumdima, umene mumauunika ndi tochi masekondi ochepa mphindi 10 kapena 15 zilizonse.

Njira ina imene imapulumutsa tsiku ndi kuchotsa mbedza ya mano atatu pa supuni n'kumangapo kachingwe kapena katcheni ka masentimita 5 mpaka 8 kokhala ndi mbedza imodzi yaing'ono kumapeto. Supuni imanyezimira n'kuitana, koma chimene nsomba imapeza ikafika ndi kamutu kopepuka kolendewera pakokha. Walleye imadya pokoka madzi m'kamwa, ndipo yaulesi imakoka mofooka, moti chitsulo cholemera sichilowa koma kamutuko kamalowa. Vuto la kachingweka ndi kukolana ndi chingwe chachikulu mukatsitsa mothamanga, ndiye tsitsani mwaulemu.

Nthawi zina zosiyana ndi zimenezi ndi zimene zimagwira. Jigging Rap ya Rapala, nyambo yopanga yooneka ngati kansomba, nambala 5 kapena 7, imathamangira m'mbali mukaikoka n'kubwerera mozungulira, ndipo nsomba imene yakana zonse itha kuiluma mwaukali chabe. Ipatseni mphindi zisanu. Ikaimitsidwa imapitiriza kuzungulira kwa masekondi angapo, ndiye musafulumire kuikokanso.

Ndodo yachiwiri: yongokhala

Tsiku lovuta, ndodo imene simukuigwira ndi imene imabweretsa nsomba zambiri. Asodzi amaitchula kuti deadstick. Boolani bowo lake pa mtunda wa mita imodzi kapena iwiri kuchokera pa bowo lanu, pafupi moti nsomba yoitanidwa ndi supuni ikaone kansomba kamoyo, koma motalikirana moti zingwe zisakolane nsomba ikamazungulira.

Mangani mbedza wamba ya nambala 4 kapena 6, kapena jigi, mbedza ya mutu wolemera, yaing'ono yowala mumdima. Kolowekani kansomba kamoyo pansi pa khungu kumbuyo kwa chipsepse cha pamsana, mosamala kuti musabaye fupa la msana, chifukwa mukalibaya kansombako kamafa ziwalo n'kungolendewera. Panani kamtovu kolemeretsa pa chingwe. Mtunda wa pakati pa kamtovuko ndi mbedza ndiwo umalamula ufulu wa kansombako: pa masentimita 30 kamasambira mozungulira kwambiri, pa masentimita 10 mpaka 15 kamangophiriphitha pamalo amodzi. Nsomba zikakhala zaulesi fupikitsani, chifukwa walleye yotere siithamangitsa kansomba kothawa. Ena amadulako theka la chipsepse cha kumchira ndi cholinga chomwecho.

Kansombako kakhale masentimita 15 mpaka 30 kuchokera pansi. Ngati nsomba zikubwera koma osadya, kakwezeni kufika masentimita 60 kapena 90, kuti kazioneka patali ndipo nsomba ichite kukwera. Ikani ndodoyo pa choikira kapena mopingasa pa ndowa, nsonga ili pamwamba penipeni pa bowo. Mutha kugwiritsa ntchito ndodo yofewa kwambiri kunsonga n'kumayang'ana nsongayo, kapena kachoyandama kotsetsereka pa chingwe. Kachoyandamako kakhale kakang'ono, kolemeretsedwa mpaka kangotsala pang'ono kumira. Kakakhala kakakulu nsomba imamva kukana ikamakoka ndipo imalavula.

Yang'anirani nsonga ya ndodoyo ngakhale nsomba isanadye. Ikayamba kunjenjemera mofulumira ndiye kuti kansomba kaona mdani ndipo kakuyesa kuthawa. Kachoyandama kakamira, musakoke nthawi yomweyo. Nyamulani ndodo, werengani mpaka 5, kulungani chingwe mpaka mumve kulemera, ndiyeno kwezani ndodo mwamphamvu koma mosadzidzimutsa. Kudikira kupitirira pamenepa kumachititsa kuti nsomba imeze mbedza, ndipo imene munafunika kuibweza imafa. Kansomba kakafooka kasintheni, kakufako kadzakhala mutu wa pa supuni. Musatenge tinsomba kuchokera m'madzi ofunda a m'sitolo n'kutiponya m'bowo nthawi yomweyo. Thiranimo madzi a m'nyanja pang'onopang'ono m'ndowamo kuti tizolowere kuzizira.

Ngati mukufuna kuyesa kuya kwina kutali ndi pamene mwakhala, tcherani tip-up, kathabwa kokhala ndi mbendera imene imadzuka nsomba ikakoka. Ku Minnesota simuyenera kutalikirana nayo kupitirira mafiti 200, ku Ontario mamita 60.

Tizinthu ting'onoting'ono timene timawononga

Chingwe chikhale chopirira kulemera kwa mapaundi 6 chisanaduke, ndipo m'madzi oyera kwambiri mutha kutsika kufika pa 4 kapena 5. Chingwe choluka chimamvetsa bwino kugunda kwa nsomba pa madzi akuya, koma chimamwa madzi n'kuuma gwa mukakhala panja, ndiye n'choyenera m'kanyumba kofunda. Mukachigwiritsa ntchito, lumikizani kumapeto kwake chingwe chosaoneka bwino m'madzi chotchedwa fluorocarbon, cha masentimita 60 mpaka 90. Ikani kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel masentimita 45 pamwamba pa nyambo. Popanda iko chingwe chimapotana, ndipo mukaimitsa ndodo supuni imangozungulira yokha pansipo ngati nguli. Inu mukuganiza kuti nyambo yaima, pamene nsomba ikuona chinthu chachilendo.

Mbedza ikhale yakuthwa moti ikande chikhadabo mukaikhudzitsa. Ku Manitoba lamulo limafuna mbedza zopanda kandevu kobwerera, ndiye kapaneni ndi pulayala musanayambe. Vuulani timiyala ta ayezi m'bowo pafupipafupi, chifukwa chingwe chikamatirira pa kayezi kopyapyala simumva kanthu. Ndipo kudya kwa tsiku lotere sikugunda. Nthawi zambiri mumangomva ngati nyambo yalemera pang'ono, kapena chingwe chimakhwefuka chifukwa nsomba yanyamula nyambo kuchokera pansi. Mukaona mzere wa nsomba waphimba mzere wa nyambo pa sikirini, maso achoke pa makina apite pa nsonga ya ndodo. Chilichonse chachilendo, kokani.

Nsomba zambiri zimapulumuka pakamwa pa bowo. Masulani pang'ono buleki ya chokulungira chingwe kuti chingwe chizituluka nsomba ikakoka mwamphamvu, ndipo tulutsani kachipangizo ka flasher m'bowo nsomba isanafike. Ikafika pansi pa ayezi musaikakamize. Dikirani mutu uloze m'bowo, ndiyeno kwezani mosalekeza n'kuigwira kumbuyo kwa mutu. Mano ake ndi minga ya pamsana zimacheka.

Kusunga ndi kubweza

Malamulo a kukula kwa nsomba amasiyana nyanja ndi nyanja, ndipo a ku Mille Lacs amasintha kawirikawiri, ndiye awerengeni chaka chilichonse pogula laisensi. Ku Lake of the Woods, mbali ya Minnesota, walleye ya pakati pa mainchesi 19.5 ndi 28 imayenera kubwezedwa nthawi yomweyo. Nsomba yoti ibwerere isagone pa ayezi, chifukwa kukazizira kwambiri maso ndi ziwalo zake zopumira zimaundana m'kanthawi kochepa. Ivuleni mbedza ili pakamwa pa bowo, muilowetse mutu uli pansi, ndipo muigwire mchira mpaka itakankha yokha.

Kuya nakonso kuli ndi malire. Walleye siitha kutulutsa msanga mpweya wa m'kathumba kake koyandamira, ndiye ikakokedwa kuchokera pa madzi opitirira mamita 9 kathumbako kamafufuma, maso amatuzuka, nthawi zina chifu chimatulukira kukamwa. Yotero ngakhale isambire pobwerera, kawirikawiri imakafera pansi pa ayezi. Mukawedza pa kuya kotere, sungani zimene lamulo likulola ndipo mukakwanitsa lekani, kapena samukirani pa madzi osaya.

Ngati mukudikira chisisira m'tenti kapena m'kanyumba muli chotenthetsera cha gasi, siyani timawindo ta mpweya totsekula ndipo mukhale ndi alamu ya mpweya wakupha wa carbon monoxide ya batire yatsopano. Mpweya umenewu sununkha. Mutu ukayamba kuwawa kapena tulo tikakugwirani mosadziwika bwino, zimitsani chotenthetseracho n'kutuluka panja. Tinsomba totsala musatithire m'bowo pochoka, ku Minnesota n'kuphwanya lamulo. Titayireni m'bini kumtunda.